Khadi la Kusikelo

1. Maina Atuluka

Mwezi wa Malichi, dera lonse la kwa Kaluluma limanunkha fodya. Zigafa zimakhala zitadzaza, masamba a fodya wa bale ali lendelende, ndipo munthu wodutsa pamsewu amamva kafungo kake mpaka kukhosi. Nyengo imeneyi anthu sayenda wamba. Koma Lachitatu lina masana ntchito inaima pa Kamphako, kamsika ka magolosale asanu ndi chigayo chimodzi.

Chinaimitsa ntchito ndi mpira. Timu ya Ziphaliwali ya ku Lilongwe, yosewera mu ligi yaikulu, inali itabwera ku Kasungu masabata awiri m'mbuyomo kudzayesa anyamata osapitirira zaka 20. Anyamata oposa zana anathamanga padzuwa masiku atatu. Tsono tsiku limeneli timuyo imalengeza pa wailesi maina anayi a omwe yawatenga.

Anthu a pa Kamphako ndi a Ziphaliwali mpaka m'mafupa. Wamkulu wa masapota anali a Lucious Mtonga, eni kanyumba koonetsa mpira pa kanema, bambo wamkulu thupi ndi mawu omwe. Iwo anali atamangirira sipika pa mtengo wa mango, vuvuzela ili m'khwapa.

Kutsogolo kwa gulu, pa njerwa, panakhala Sunganani Kamanga. Anali mnyamata wa zaka 18, wa Fomu 3, wogoletsa zigoli wa timu ya pamudzipo. Manda a bambo ake ndi a agogo ake ali kuseri kwa tchalitchi cha pa Kamphako pomwepo. Panalibe wokayika kuti dzina lake limveka. Telala anali atamulonjeza kale chikwama chopitira ku Lilongwe.

Woulutsa mawu anayamba kuwerenga. Woyamba anali wa pa Boma, wachiwiri wa kwa Chisemphere, wachitatu wa kwa Mwase. Atangonena kuti wachinayi ndi wochokera kwa Kaluluma, a Lucious anaomba vuvuzela, azimayi n'kulumphira nthungululu. Dzina linabwera phokoso lili mkati, ndipo woulutsayo analibwereza: Lonjezo Namakhwa.

Nthungululu zinathera kukhosi. Ndi ochepa amene anamva mawu otsatira, akuti woyamba mwa odikira, amene angalowe wina akalephera, ndi Sunganani Kamanga.

Lonjezo anali mwana wa tenanti. Amakhala pa esiteti ya kutsidya kwa dambo, m'tinyumba taudzu ta anthu olima fodya wa eni malo. Bambo ake anali ochokera ku Phalombe. Mnyamatayo amasewera timu ya pa esitetipo, nthawi zambiri wopanda nsapato.

Wayenda wamva: kuchigwa, kumapiri, masapota akakhumudwa pakamwa pawo ndi pamodzi. Wina anati a wailesi asokoneza mapepala. Wina anati kochi wadya ziphuphu, mnzake n'kumufunsa kuti tenanti angahonge munthu ndi chiyani, kaya ndi mapesi a fodya. Mnyamata wina anavula jezi ya Ziphaliwali n'kuikhalira, akulumbira kuti kuyambira tsikulo alibe timu. Wometa tsitsi yekha ndiye anakumbutsa anthu kuti pa mayeso paja Lonjezo anagoletsa zinayi pomwe Sunganani anagoletsa ziwiri. Anamuuza kuti ntchito yake ndi ya kunja kwa mutu, za mkati azisiyira ena.

A Lucious anazimitsa sipika. "Bwalo lathu la mpira lija tinasalaza ndi makasu athu," anatero. "Mitengo ya magolo tinadula m'munda mwa bambo ake a mwanayu. Lero timu yathu ibwere kudzatola munthu wobwera pa lole, woti fodya akagulidwa abwerera kwawo? Akadzagoletsa, wailesi idzati ngwa kuti? Kwa Kaluluma kapena ku Phalombe?"

Sunganani ananyamuka pa njerwa paja, anthu akumusisita pamsana ngati wofedwa, nalunjika kwawo.

2. Chithunzi cha Pafoni

Mawa lake, Sunganani akuweruka kusukulu, a Lucious anamukodola kuti alowe m'kanyumba ka kanema. Anamukhazika pa benchi, natulutsa foni.

Pafonipo panali chithunzi cha tsamba la buku. A Lucious anafotokoza kuti mlamu wawo ndi kalaliki pa esiteti paja, ndipo bukulo ndi kaundula wa matenanti, momwe amalembamo banja lililonse tsiku lofika. Anakulitsa chithunzicho ndi zala. Pansi pa dzina la a Namakhwa panalembedwa kuti Lonjezo, mwana, zaka 18. Deti lake linali la zaka zisanu zapitazo.

"Ndiwe wa Fomu 3, masamu umawadziwa," anatero a Lucious. "Gogo ameneyu ali ndi zaka 23."

Anapitiriza kunena kuti Loweruka mlembi wa Ziphaliwali abwera pabwalo la pa Kamphako kudzaona zikalata za anyamata osankhidwa, poti pa mayeso paja zaka ankangotchula pakamwa. Lonjezo analibe chiphaso chaunzika. Chithunzi chokha chikanakwanira, koma anthu a m'tauni amakonda mboni. Choncho masapota anagwirizana kuti mboni ikhale Sunganani. Akanene kuti iye ali Sitandade 6, Lonjezo anali kale ndi ndevu.

Sunganani anayankha kuti Lonjezo ngakhale lero alibe ndevu.

A Lucious anaseka mpaka benchi kugwedera. "Ndevu zimametedwa, mphwanga. Tamvera. Ife sitikupeka buku, analemba ndi eni ake. Iwe ukungokometsera ndiwo zophikaphika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ukuti Ziphaliwali zidzabweranso chaka chamawa? Zikadzabwera kudzakhala tiana tina tothamanga kukuposa. Mayi ako akalamba ndi chigafa. Taganiza tsiku limene sipika ijayi idzatchule dzina la Kamanga, mudzi wonse uli pansi pa mango."

Sunganani anayang'ananso chithunzi chija. Panali mawu ena amene amayi ake amakonda kunena Lonjezo akamadutsa pamsewu, akuti, uyo mbale wako akupita apoyo. Iye ankangoyesa ndi mayankhulidwe a anthu opemphera. Mawuwo sanawatchule. Anangoti, "Ndamva, atcheya," natuluka.

3. Makhadi Awiri

Amayi ake a Sunganani, a Nyazimba, anali m'chigafa chawo kuseri kwa nyumba, atatambalala pa chiguduli. Amasankha fodya tsamba ndi tsamba, wofiira uku, wachikasu uku, wong'ambika payekha. Chimwalirireni amuna awo, ekala yawo imodzi ankaithamangira okha.

Sunganani anawafotokozera nkhani ya chithunzi monga munthu wobweretsa uthenga wabwino. Za umboni anatchula komalizira, mothamanga.

A Nyazimba anamaliza kumanga ndindi ya masamba a fodya imene inali m'manja mwawo, naiika pa mulu. Kenaka anadzuka, nalowa m'nyumba, nabwera ndi buku lawo la nyimbo lokutidwa ndi pulasitiki. Pakati pake anasololapo makhadi awiri okalamba, opindika m'makona, namuuza awerenge.

Anali makhadi a kusikelo, aja amalembapo kulemera kwa khanda ndi katemera. Loyamba linali la Sunganani Kamanga, wobadwa pa 9 Julaye. Lachiwiri linali la Lonjezo Namakhwa, wobadwa pa 21 Julaye, chaka chomwecho.

"Ngati Lonjezo ali ndi zaka 23," anatero a Nyazimba, "ndiye kuti iwe uli ndi zaka 23 ndi masiku khumi ndi awiri."

Anamuuza zonse. Chaka chimene Sunganani anabadwa, a Namakhwa anali kale matenanti pa esiteti yomweyo. Lonjezo atangobadwa, akazi awo anadwala kwambiri, nagonekedwa kuchipatala cha pa Boma miyezi itatu. M'mawa wina bamboyo anafika pakhomo ndi khanda lokulungidwa m'chiguduli cha fodya, litalira mpaka kusasa mawu. Anali atagogoda nyumba zinayi. A Nyazimba analilandira, naliyamwitsa bere lakumanzere, lakumanja n'kukhala la Sunganani. Kusikelo ankapita ndi onse awiri, wina kumbuyo wina kutsogolo. Nyengo itatha banjalo linakwera lole mwadzidzidzi, khadi n'kutsalira. Atabweranso zaka zisanu zapitazo, mayi uja atamwalira, a Nyazimba anawapititsira khadilo, koma a Namakhwa anawapempha kuti apitirize kusunga.

"Tsono tamvera, Sunga," anatero, akutola tsamba lina. "Iwe wakulira m'chigafa. Ukudziwa zimene amachita alimi ena podinda belo. Kunja amayala fodya wokongola, pakati n'kubisapo wowola, ena mpaka nsanza ndi miyala kuti belo lilemere. Likamachoka pakhomo limaoneka bwino, anthu n'kumayamikira. Koma ku okushoni saona kunja. Amang'amba chiguduli n'kupisa mkono mpaka pakati. Akapeza zobisazo, belo limabwerera, ndipo pachiguduli pamakhala dzina la mwini wake, osati la amene anamulangiza. Chaka chotsatira, ngakhale atumize fodya wabwino chotani, amayamba ang'amba kaye.

"A Lucious akukudinda ngati belo. Iwo Loweruka likadutsa abwerera kukaonetsa kanema. Amene ukwere basi ndi chowola pakati ndiwe. Udzagoletsa, anthu adzaimba, koma ukadzabwera patchuthi udzadutsa pa dambo paja n'kukumana ndi mnzako atasenza mtolo wa fodya. Udzayang'ana kuti? Ine ndikufuna upite ku Lilongwe, usaganize kuti sindifuna. Msana uwu watopa. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo uyu sindinangomva, ndinamuyamwitsa. Anthu akumuti wobwera, chikhalirecho mchombo wake unakwiriridwa m'dothi lomwe lino."

Anatenga khadi la Sunganani nalibwezera m'buku. La Lonjezo anamuika m'manja.

"Ine pabwalo sindipita, ndili ndi fodya. Ndiwe wamkulu tsopano. Ukafuna kuliponya m'chimbudzi, palibe adzakuone."

4. Kutsidya kwa Dambo

Lachisanu lonse khadi linali m'thumba la malaya a sukulu. Ataweruka, Sunganani sanapite kunyumba. Anatsika njira ya kudambo. Pa mlatho wa mitengo iwiri anaima, nalitulutsa. Madzi a mvula yomaliza anali akuthamanga pansi pake. Anaima pamenepo kufikira mayi wina wosenza nkhuni atamupempha njira. Analibwezera m'thumba, naoloka.

Anapeza a Namakhwa ndi ana awo m'chigafa chachitali cha pa esiteti. Bamboyo anali wamfupi, woonda, wa imvi za m'mbali. Lonjezo anali pambali pawo, ndi alongo ake awiri aang'ono. Manja a onse anali bii ndi phula la fodya. Mbiri ya chithunzi inali itafika kale, poti pa Kamphako mawu sagona panjira.

Atalonjerana, Sunganani anagwada natulutsa khadi. A Namakhwa atangoliona anabisa manja kumbuyo ngati aona njoka. Anatuma atsikana aja kukatunga madzi, nayang'ana uku ndi uku ngati kapitawo ali pafupi.

"Mwana wanga," anayamba motsitsa mawu, "buku lija silinama lokha. Ananamitsa ndine. Titafika kuno zaka zisanu zapitazo, mayi ake a ana awa anali atangotisiya. Kalaliki anati esiteti silandira bambo yekha, imafuna akuluakulu awiri pa banja, chifukwa ana saloledwa kugwira fodya. Lole imene inatibweretsa inali itapita. Kumudzi munda ndinalibe. Ndinayang'ana Lonjezo, ali ndi zaka 13 koma wamtali, ndipo ndinati ali ndi 18. Kalaliki anamuyang'ana, nandiyang'ana, nalemba. Tonse tinadziwa. Kuyambira tsiku limenelo mwanayu anasiya sukulu. Nthawi ya ziphaso itakwana ndinamuletsa kulembetsa, poti sindinadziwe chaka choti akatchule.

"Tsono ukaonetsa khadi ili mawa, pamaso pa anthu, likanena kuti esiteti ino inalemba mwana ntchito. Bwana sadzalola manyazi amenewo agwere iye. Adzati tenanti anatinamiza, achoke. Taona fodya uyu. Tamuvutikira kuyambira ku nazale, ndipo sanadindidwe n'komwe. Tikachoka lero timusiya momwemu. Atsikana awa ndikawagoneka kuti? Bodza, mwana wanga, lili ngati mzati wa chigafa. Ukaliimika, zonse umamangirira pomwepo, ndipo tsiku lofuna kulizula denga limagwera ana ako. Usadzayambe. Koma langali linaima kale. Bwerera nalo khadilo. Pita ndiwe ku Lilongwe, ife sitidzakuda."

Sunganani anafuna kusiya khadi pa chiguduli, koma bamboyo anakana. Anati likapezeka m'nyumba mwawo ndi mlandu.

Lonjezo anamuperekeza mpaka pa mlatho. Anangoti mawa abwera pabwalo kudzanena kuti zikalata alibe, nkhani ithere pomwepo. Anaseka pang'ono, nati ndi bwinonso, poti Sunganani nsapato ali nazo kale.

Atatsala pang'ono kusiyana, Lonjezo anamugwira mkono. "Koma ukakafika kumeneko usiye kuyang'ana kona imene ukufuna kumenya. Umayang'ana kawiri. Goloboyi wa pa mayeso uja anakuwerenga, n'chifukwa chake anakugwirira mipira itatu. A m'tauni akakumaliza."

Anabwerera akuthamanga, kuopa kapitawo.

Sunganani anafika kunyumba mapazi atapepuka. Anauza amayi ake kuti eni ake akana, ndipo iye alibenso chochita. A Nyazimba anamva zonse, maso ali pa fodya.

"Akuletsa kuonetsa khadi," anatero. "Kodi akutumanso kukanena za ndevu?"

5. Loweruka Pabwalo

Pofika 10 koloko bwalo linali litadzaza. Masapota anavala majezi, ena atanyamula makatoni olembedwa ndi makala. Lina linati TIKUFUNA MWANA WATHU. Lina linati AGOGO APUME. Pansi pa mtengo panaikidwa tebulo la kusukulu, ndipo pamenepo panakhala a Steven Chikadza, mlembi wa Ziphaliwali, munthu wa magalasi wosakonda kuseka.

Anyamata atatu aja, a pa Boma, kwa Chisemphere ndi kwa Mwase, anaonetsa ziphaso zawo nadutsa. Ataitanidwa Lonjezo, anthu anayamba kukuwiza. Anaima patsogolo pa tebulo atavala malaya ochapa bwino ndi patapata, nanena kuti zikalata alibe.

A Lucious sanadikire kuitanidwa. Anapereka foni kwa mlembi, nafotokoza za kaundula mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve. Mlamu wawo, kalaliki uja, anali chapatali atatsamira njinga yamoto. A Steven anayang'ana chithunzi nthawi yaitali, kenaka anafunsa Lonjezo zaka zake. Mnyamatayo anayang'ana zala za kumapazi.

Apo a Lucious anati pali mboni, mwana wa pamudzi pano, wodziwika ndi aliyense. Anthu anaimba dzina la Sunganani, namukankhira kutsogolo.

A Steven anamuuza kuti akudziwa kuti iye ndi woyamba mwa odikira, choncho ayankhe mosamala. Anati Lonjezo akachotsedwa, fomu imene ili patebulo ilembedwa dzina la Kamanga lero lomwe. Anaitembenuza fomuyo kuti aione. Kenaka anafunsa: "Kodi mnyamata uyu ndi wamkulu kwa iwe?"

Sunganani anayang'ana fomu. Anayang'ana Lonjezo, amene anamugwedezera mutu pang'ono kuti avomere.

"Wamkulu ndine," anatero Sunganani. "Ndi masiku khumi ndi awiri. Tinayamwa bere limodzi."

Poyamba anthu anaseka, kuyesa nthabwala. Ataona nkhope ya a Lucious, kuseka kunasanduka chiphokoso. A Steven anamenya tebulo ndi chikhatho, nafunsa ngati pali umboni, poti mawu apakamwa sangagonjetse zolembedwa.

Sunganani anati umboni ulipo, koma woyenera kuuonetsa si iye.

Anatembenuka nalowa m'gulu. Anthu anamupatukira, osadziwa komwe akupita. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi golo, panaima a Namakhwa okhaokha, chipewa chili m'manja. Sunganani anagwada, natulutsa khadi, nalipereka ndi manja awiri.

"Bambo, ine bodza ndalikana. Khadi ndi lanu. Mukaling'amba sindinena kanthu."

Ulendo uno a Namakhwa sanabise manja. Analandira khadi lija, nalitsegula, ngakhale kuwerenga ankadziwa pang'ono. Chala chawo chakuda chinatsata mzere umene anamwino ankajambula mwezi ndi mwezi, wosonyeza khanda likukula. Anakweza maso, naona mwana wawo ataima yekha pakati pa anthu omutcha gogo.

Anavala chipewa. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lonse, naika khadi patebulo pambali pa foni ya a Lucious.

"Bwana, cholondola ndi ichi," anatero. "Zili m'buku la esiteti ndinanena ndine, mwanayu ali ndi zaka 13. Ndamudyera zaka zisanu. Zina zotsalazi adye yekha."

A Steven anawerenga khadi, naona chidindo cha chipatala, nafunsa mafunso angapo. Kenaka analemba dzina la Lonjezo pa fomu. Anamuuza kuti khadi lomwelo akalembetsere chiphaso, ndipo Lolemba m'mawa akapezeke pa Boma pamodzi ndi anzake atatu. Potseka chikwama anauza masapota kuti timu imene amaikonda imasankha miyendo, sifunsa kumene kuli manda a agogo.

Wometa tsitsi anaomba m'manja kawiri, naleka ataona kuti ali yekha.

Mkwiyo wonse unatembenukira kwa Sunganani. Ena anamutcha Yudasi. Ena anati walodzedwa ndi matenanti. Telala anati nsalu ya chikwama ija asokera mwana wake kabudula. A Lucious anabwera pafupi, mawu atatsika, zimene anthu anali asanazionepo.

"Takunyamula pamutu zaka zitatu, mphwanga, lero watichititsa manyazi pamaso pa alendo. Jezi ya pa Kamphako ubweze. Ukasewere ndi abale akowo kutsidya."

Sunganani akutuluka m'bwalo anaona kalaliki uja ataima kuseri kwa chigayo, foni ili kukhutu, dzanja lina likuloza kubwalo ngati kuti womvera akuona.

6. Ngolo Yopanda Kanthu

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. A Nyazimba anali pamalo pawo pomwe paja. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo, nayang'ana thumba la malaya, naona kuti ndi lopanda kanthu. Anasendera pang'ono pa chiguduli, namukankhira mulu wa masamba.

Anasankha fodya limodzi. Patapita nthawi Sunganani anawauza kuti jezi amulanda. Amayi ake anati jezi ndi nsalu, ndipo anamuonetsa tsamba limene anali ataponya pa mulu wolakwika.

Ndi pomwe anamva kulira kwa injini. Sunganani anatuluka m'chigafa naima pa chulu. Kutsidya kwa dambo, thirakitala ya esiteti yokoka ngolo inali kutsika kuchokera ku ofesi, ikulunjika ku tinyumba ta matenanti. Pambali pa dalaivala panakhala kapitawo, ndipo kumbuyo kunali alonda awiri ataimirira.

A Nyazimba anafika pambali pake, akupukuta manja pa chitenje. Onse awiri ankadziwa kuti pa esiteti paja palibe ndi belo limodzi lomwe limene linali litadindidwa. Ngoloyo inali yopanda kanthu, ndipo sinkapita kukanyamula fodya.

"Mayo, Chiuta," ananong'ona mayiyo. Kenaka analoza chigafa chawo chaching'ono, nati kumapeto kwake kungathe kugona anthu anayi, fodya akamuunjika bwino.

Sunganani anali atatsika kale pa chulu. Anathamanga kulunjika pa mlatho wa mitengo iwiri, thirakitala ija ikuima pakhomo pa a Namakhwa.